Bongololo ndi Galimoto Yosafuna Kukankhidwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi agogo anga, ndipo anaipeza ponditsatsa ngati kachewere wa pamsewu. Makolo anga anamwalira ndili wakhanda, choncho ndinakulira m'manja mwa agogowo, m'mudzi wina kumtunda kwa Dedza. Panyumba pathu ntchito tinagawana bwino: iwo ankayankhula, ine ndinkayang'ana. Kuyendetsa galimoto ndinaphunzira kwa amalume, amene ankatuta matabwa pa lole kuchokera kuphiri la Dedza. Ndinakhala pambali pawo miyezi yambiri ndikungoyang'ana mapazi awo, mpaka tsiku lina anatopa nane n'kunena kuti, “Wayang'ana mokwanira, khala apa.” Chiphaso ndinachipeza, koma ntchito inasowa.

Lamulungu lina Misa itatha, agogo anandigwira dzanja, ine munthu wa zaka makumi awiri ndi zinayi, n'kundikokera kunyumba ya ansembe. Anali atamva kuti parishi yalandira galimoto yatsopano ndipo ikufuna dalaivala.

“Bambo, ndabwera ndi mwana uyu,” anatero agogo. “Samwa, sasuta, ndipo sayankhula. Munene chilichonse m'galimoto, sichidzatuluka.”

Anali masiku a chipani chimodzi, pamene munthu wosayankhula ankafunika kuposa wodziwa kuyendetsa. Bambo mfumu, munthu wojintcha ndi wofatsa, anandiyang'ana tsitsi ngati ndi lalifupi, anaona khadi langa la chipani, kenako anandifunsa dzina.

“Ndi Lukasi,” anayankha agogo.

“Ndikufunsa mwiniwakeyo, mayi.”

“Ndi Lukasi ndithu, Bambo. Ndinalipo pomubatiza.”

Bambo anandipatsa mwezi umodzi woyesa. Mwezi ukatha galimoto ilibe chilema, ntchito ikhala yanga. Ikapezeka ndi chilema, ndibwerera kukakumba kachewere. Agogo anangomva mbali yoyambayo. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utadziwa kuti mdzukulu wawo ndi dalaivala wa ansembe mpaka imfa.

Kugalaja ya parishi ndinapezako a Fabiano, amene anayendetsa ansembe kuyambira ine ndisanabadwe. Maso awo anali atachita ng'ala, koma iwo ankati ndi chifunga cha ku Dedza chimene chikuwonjezeka chaka ndi chaka. Atagunda mtengo wa belu kachiwiri, Bambo anawauza kuti awakweza udindo, tsopano aziyang'anira galaja. A Fabiano sanapusitsike. Ankadziwa kuti awakhazika pazitsa, ngati mmene anaikhazikira galimoto yawo yakale.

Galimoto yakaleyo aliyense ankaitcha Bongololo, chifukwa inkayenda pang'onopang'ono koma sinkabwerera panjira. Inali yaifupi, yobiriwira, ya denga la tenti, tayala lapadera lili pa boneti, ndipo inkakoka ndi mawilo onse anayi. Sitata yake, chipangizo chodzutsira injini ndi kiyi, inafa kalekale. Handulo yopukusira injini inagwera mumtsinje. Handibuleki inaduka chingwe. Bongololo ankadzuka pokhapokha akakankhidwa pamtsetse, ndipo ankaima pokhapokha akatchingidwa ndi miyala.

Parishi yonse inazolowera chilema chimenechi. Patchalitchi chilichonse cha kumudzi panali malo otsetsereka oimikapo galimoto, ndi miyala iwiri yosungidwa pansi pa mtengo, imene ngakhale mwana sankaisewerera. Mapemphero akatha Bambo ankalowa n'kukhala kumpando wawo. Amuna ankalavulira m'manja, n'kuchotsa miyala. A Fabiano ankatsegula chitseko chawo, dzanja limodzi pachiwongolero, phewa pachitsulo, n'kumakankha limodzi ndi anthu. Galimoto ikathamanga ankalumphiramo, kuponda kilatchi, kuika giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi mwadzidzidzi. Bongololo akatsokomola, amayi ankaimba nthungululu. Umenewu ndiwo unali mwambo woperekeza wansembe, ndipo mudzi umene sunkadzutsa Bongololo ulendo woyamba unkasekedwa mpaka Pasaka.

Galimoto yatsopanoyo inali yoyera, yaitali, ya dizilo, ndipo inkadzuka ukangopotokola kiyi. Handibuleki yake inali yokoka ndi dzanja, pansi pa chiwongolero kumbali ya chitseko cha dalaivala. Inalinso ndi khalidwe lina limene ndinalitulukira tsiku lachiwiri: ukachotsa kiyi n'kupotoza chiwongolero pang'ono, chinkakhoma osatembenukanso. Ndinaona zimenezi, ndinazisunga mumtima. Palibe amene anandifunsa.

A Fabiano ankadana nayo galimotoyo, koma anandiphunzitsa kuisamala mokhulupirika. M'mawa uliwonse ndinkasolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, n'kukasololanso. Ndinkaona madzi mu ladiyeta injini isanatenthe. Ndinkazungulira matayala onse ndi sipanala ya mawilo. Kumbuyo sikunkasowa jeke, thabwa loikapo jeke, khasu ndi malegeni. Pamene ine ndinkachita zonsezi, iwo ankakhala pachigubu n'kumainyoza.

“Galimoto yonunkhira sopo,” ankatero. “Iyi ndi yopitira kuukwati ku Lilongwe. Idzaone matope a kwa Gomeza, idzalira amayi ake.”

Nkhaniyi inafika mpaka kumsonkhano wa akuluakulu a parishi, kumene ine ndinkapita kukanyamula mabenchi. A Fabiano anafunsa chifukwa chake abwenzi a kunja amene anapereka galimotoyo sanangotumiza Bongololo wina. Bambo anayankha kuti opanga magalimoto anasiya kupanga mtundu umenewo.

“Asiya?” anadabwa a Fabiano. “Anafunsa ndani?”

Anapempha kuti parishi ilembe kalata kufakitale, kuwauza azunguwo kuti ayambirenso. Amuna ambiri anavomereza, makamaka amene sanakwerepo Bongololo ulendo wautali. A Sisitere a kuchipatala chaching'ono anakana. Anati odwala ankanyamuka kumudzi akudwala malungo n'kufika akudwala msana. Bambo anati tiona, ndipo nkhani inagona.

Masabata atatu anatha bwino. Kumatchalitchi a kumidzi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe, n'kukadzutsa injini. Bambo akalowa tinkangonyamuka. Pagalasi loonera kumbuyo ndinkaona amuna ataima manja ali lende, ngati anthu amene abwera kudzalima n'kupeza munda wolimalima. Izinso ndinaziona, ndinazisunga.

Lamulungu lomaliza la mwezi wanga tinapita kwa Gomeza, mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, tchalitchi chakutali kuposa zonse. Inali nthawi yachisanu, madimba ali obiriwira. Tchalitchi cha kumeneko chili pamwamba pa chitunda, ndipo anthu ake ankadzitama kuti palibe mudzi wa mtsetse wabwino ngati wawo. Msewu umatsika molunjika, kenako umakhota kumanja. Kumene ukukhoterako, kutsogolo kwake kuli dambo.

Anthu anandilozera malo a Bongololo, ndipo ndinaimika pomwepo galimoto italoza kumunsi. Ndinakoka handibuleki, koma giya ndinaisiya pakati, pamene sigwira kanthu. Uku kunali kulakwa kwanga koyamba. Anyamata anabwera ndi miyala iwiri ija n'kuitchinga mwaulemu. Kiyi ndinaika m'thumba.

Misa itatha anthu anabwera ndi mphatso: thumba la kachewere, nzimbe, nkhuku ziwiri ndi dengu la mazira. Bambo anakhala kumpando wawo, dengu lili pamiyendo. Ine ndinakwera padenga kukamanga katundu ndi malegeni. Ndili pamwambapo ndinaona zonse bwinobwino. Ndinaona amuna akuvula majekete. Ndinawaona akulavulira m'manja. Ndinaona miyala ikuchotsedwa.

Anakankha, galimoto sinasunthe. Anakankhanso akuimba, sinasunthe. Pamenepo panabwera a Tcheya, mkulu wa nthambi ya chipani m'mudzimo, munthu wamtali wa chikhoti chachikulu ndi baji pachifuwa. Anagwirako ntchito kumigodi ku Joni, choncho pankhani ya makina mawu awo anali omaliza, ndipo pankhani zina zonse analinso omaliza. Anasuzumira pawindo la dalaivala, nalowetsa dzanja.

“Chagwira ndi ichi,” anatero.

Ndinadziwa chimene agwira. Ndinadziwanso za chiwongolero, za giya, ndi za kiyi ili m'thumba mwanga. Koma agogo anandilera kuti munthu wamkulu suyamba naye nkhani pakati. Ndinagwada padengapo, ndinaomba m'manja pang'ono, n'kuyamba.

“Pepani a Tcheya, ndimati mwina ngati n'kotheka ndinene kuti...”

Pofika pa “kuti” tinali tikuyenda.

Anthuwo sanaone cholakwika kukankha galimoto yopanda dalaivala. Zaka zonse mpando umenewo unkayamba ulendo uli wopanda munthu, mwiniwake n'kulumphiramo kutsogolo. Anakankha ndi mtima wonse, pofuna kuonetsa galimoto yachilendo mphamvu za kwa Gomeza. Kenako anaisiya, n'kumathamanga pambuyo akufuula.

“Lumphira! Lumphira, mnyamata iwe!”

Ine ndinagona chafufumimba pathumba la kachewere, nkhuku zikundilirira m'khutu. Bambo anandiuza pambuyo pake kuti anatambasula dzanja n'kugwira chiwongolero, ndipo atangochipotoza chinakhoma. Handibuleki inali kutali, kuseri kwa chiwongolero, ndipo pakati panali mimba yawo ndi dengu. Chimene ndinamva ine padenga ndi mawu awo akuyamba pemphero lolapa machimo, mokweza ndi mofulumira kuposa mmene ndinalimverapo.

Msewu unakhota. Ife sitinakhote. Tinadutsa paudzu, tinathyola mpanda wa dimba, ndipo galimoto inakhala pansi m'matope akuda mpaka pamimba. Ine ndi thumba la kachewere tinapitirira pang'ono, n'kukatera m'kabichi. Palibe anavulala. Bambo anatuluka pang'onopang'ono, mazira onse ali pamkanjo. Nyali imodzi yakutsogolo inali itasweka, ndipo pachitseko panali mzere wautali wa mtengo wa mpanda. Ndinauyang'ana mzerewo, ndinaona khasu langa la kumudzi likundidikira.

Dimbalo linali la mayi wina wachikulire, apongozi awo a a Tcheya omwewo. Mayiwo anabwera, nakhala pamzere atafulatira mkamwini wawo monga mwa ulemu, n'kuyankhula ndi mphepo.

“Anthu ena akafuna kabichi amapempha,” anatero.

A Tcheya anazungulira galimoto manja ali kumbuyo, kenako anapereka chigamulo. “Bambo, apa pali zinthu ziwiri. Kapena galimoto yanuyi ndi yoipa, kapena mnyamata wanuyu sadziwa kulumpha.”

Panali chinthu chachitatu, ndipo mudzi wonse unaona dzanja limene linalowa pawindo. Koma masiku amenewo manja ena sankaoneka. Anthu anagawikana mwamtendere: ena anati ndi galimoto, ena anati ndi mnyamata. Kwa ine zonse zinali chimodzimodzi. Bambo anachotsa chikhungwa cha dzira pamkono n'kunena motsitsa, “Lukasi, tikakambirana kunyumba.”

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinadzutsa injini, ndinakokera kagiya kakang'ono kuti mawilo onse anayi agwire, ndinaika giya yobwerera m'mbuyo. Matayala anazungulira, anawaza matope pa anthu oimba kwaya, n'kudzikumbira manda ozama. Amuna anakankha, anatitimira mpaka m'mawondo. Anabwera ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, ndipo zinakoka kamodzi, n'kuyamba kudya kabichi. Dzuwa litafika pamutu Bambo anandiitana pambali. Zinawavuta kunena, koma ananena.

“Pita ukawauze a Fabiano.”

Ndinabwereka njinga ya akatekisiti. A Fabiano ndinawapeza pachigubu chawo, akuwotha dzuwa. Anandimva fungo la dambo ndisanatsegule pakamwa.

“Yatitimira?”

“Inde.”

“Mpaka pati?”

“Mpaka pamimba.”

Anaimirira, anavula chipewa, nayang'ana kumwamba. “Ndinkadziwa kuti mumamva,” anatero.

Ine ndinkaganiza kuti Bongololo anafa, chifukwa pampando wake nkhuku inali ikufungatira mazira. Koma a Fabiano anali akumusamala mwakachetechete nthawi yonseyi. Mapulagi anali okwecha bwino. Batire anali akukatchajitsa kuchigayo. Kuseri kwa chitseko kunali chigubu cha petulo chimene Bambo sankachidziwa. Tinangopopa matayala, kumukweza ndi jeke, n'kuchotsa zitsa. Nkhuku tinaisamutsa pamodzi ndi mazira ake. Achinyamata amene ankaphunzira nyimbo m'tchalitchi anabwera kudzakankha, ndipo pamtsetse wa galaja Bongololo anatsokomola katatu, natulutsa utsi wodzaza bwalo, n'kudzuka.

Ndinapempha kuti ndiyendetse ine. A Fabiano anakana. “Bongololo sadziwa dzanja lako. Iwe ukhale maso.”

Msewu a Fabiano ankaudziwa pamtima, dzenje lililonse ndi mwala uliwonse. Chimene sankadziwa ndi zinthu zoyenda zokha. Titangodutsa pachigayo ndinaona ng'ombe itaima pakati panjira.

“Pepani a Fabiano, kutsogoloku kukuoneka ngati mwina kuli...”

Ng'ombeyo inadzipulumutsa yokha. Mchira wake unamenya galasi.

“Chinali chiyani chimenecho?”

“Ng'ombe.”

“Nanga bwanji sunanene kuti ng'ombe? Iwe, m'galimoto mulibe pepani! Pepani ndi wa kumaliro, ndipo ukapitiriza chonchi tidzamufuna mawa. Nena chinthu, nena mbali, basi!”

Mkati mwa Bongololo munali phokoso ngati m'chigayo. Zitseko zinkalira, tenti inkawomba, giya inkadandaula. Kuti munthu akumve unkayenera kukuwa kuchokera m'mimba. Ndinayamba motsitsa. “Njinga kumanzere.” Anati sakumva. “Njinga kumanzere!” Anati ndikuyankhula ngati ndili m'chipinda cholapira. Tinadutsa mbuzi, amayi osenza nkhuni, ngolo, ndi mwamuna woledzera amene ankafuna mbali zonse ziwiri. Pofika kwa Gomeza kukhosi kwanga kunali kowawa, ndipo ndinali nditakuwa mawu ochuluka kuposa onse amene ndinayankhula chibadwire.

Bongololo atatulukira pachitunda, nthungululu zinamveka zoti ngakhale Ambuye Episkopi sanalandirepo. Amuna anathamangira miyala ija. A Fabiano anatsika pang'onopang'ono mpaka paudzu wouma pamwamba pa dimba, anatembenuza galimoto kuti iloze kumtunda, n'kusiya injini ikulira. Sanatsike. Anangotulutsa mutu pawindo n'kupereka moni kwa Bambo, kumbali imene kunalibe Bambo.

Ndinakumba ndi khasu kumbuyo kwa galimoto yatsopano mpaka ndinapeza ngowe yokokera. Ndinakolekapo tcheni cha a Fabiano, ndipo pochikoka ndinaona kuti pakati pake mphete ina inali yolumikiza ndi waya. Ndinaganiza kuti mwina chipirira. Ndinalowa m'galimoto, ndinaika giya yobwerera, n'kutulutsa mutu kuyang'ana kumbuyo.

A Tcheya anali atadzipatsa ntchito yolamula. Anaima pakatikati, mwendo uku mwendo uku, tcheni chili pansi pakati pa miyendo yawo, dzanja lili m'mwamba.

“Kokani!” analamula.

Bongololo anabangula. Tcheni chinadzuka paudzu, chinakungika, chinakwera mpaka m'mawondo mwa a Tcheya. Ndinaona waya uja akutambasuka. Pakamwa panga panafika pepani, ndipo ndinamumeza. Chimene chinatuluka ndi mawu amene ndinaphunzira pa ng'ombe ndi mbuzi.

“Choka apo!”

Mayi wina anagwira pakamwa pa mwana wake, ngati kuti wanena ndi mwanayo. Anthu anatengedwapo ndi magalimoto a boma chifukwa cha mawu ochepera apa. A Tcheya anatsitsa dzanja, anadumpha tcheni, n'kuyamba kubwera kwa ine chala chili patsogolo.

“Wati chiyani, mnyamata?”

Anayenda mapazi atatu. Tcheni chinaduka ndi kulira ngati mfuti. Mbali imodzi inakwapula pamalo pomwe anaimapo, n'kudula mtengo wa mpanda pakati, mtengo wonenepa ngati ntchafu. A Fabiano, pomva kupepuka, anaganiza kuti ntchito yatheka, ndipo anakwera chitunda akuliza hutala, akukoka theka la tcheni.

A Tcheya anayang'ana mtengo wodukawo. Anayang'ana buluku lawo. Apongozi awo, akadali chofulatira, anayankhulanso ndi mphepo.

“Pang'onong'ono mwana wanga akanatsala ndi theka la mwamuna.”

Palibe anaseka. Anthu ankadikira kuti aone kaye kumene nkhani ikulowera. A Tcheya anakonza chikhoti chawo, anatembenukira khamu, n'kukweza mawu.

“Mwaona? Si ndimanena ine kuti tcheni ndi choopsa? Aliyense atalikire! Ana achoke! Mverani dalaivala!”

Kuyambira pamenepo ndinalamula ndine, ndipo ndinadabwa kuona kuti anthu akamauzidwa amachita. Tinakumba kuseri kwa tayala lililonse, tinayalamo miyala ndi mitengo ya mpanda uja. Tinabweza a Fabiano, tinapinda tcheni pawiri, n'kuyala thumba lonyowa pakati pake kuti chikaduka chisakwapule. Bongololo anakoka, ine ndinathandiza ndi giya yobwerera, ndipo galimoto yoyera ija, imene tsopano inali yakuda, inatuluka m'dimba pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotuluka m'dibi.

Koma pokokapo panamveka fungo la chinthu chopserera. Kilatchi ya Bongololo inali itapsa. Injini inkalira, magiya ankalowa, koma mawilo sankamva. Motero tcheni chomwecho tinachitembenuza. Galimoto yonunkhira sopo inamukoka Bongololo mpaka kuparishi, a Fabiano atagwira chiwongolero chake. Umenewo unali ulendo wake womaliza.

M'mawa mwake Bambo anandiitana kugalaja. Anaima pafupi ndi nyali yosweka ija.

“Za chiwongolero chokhoma unadziwa liti?”

“Tsiku lachiwiri, Bambo.”

“Unauza ndani?”

“Palibe anafunsa.”

Bambo anapuma mozama. “Ndinakulemba ntchito chifukwa suyankhula. Dzulo kusayankhula kwako kunandiveka mazira. Tinagwirizana kuti galimoto ikapezeka ndi chilema...”

“Musiyeni, Bambo,” anatero a Fabiano ali pachigubu chawo. “Ndamuphunzitsa kukuwa dzulo lomweli. Mukamuchotsa, ntchito yanga ikadyedwa ndi anthu ena.”

Bambo asanayankhe, akatekisiti a kwa Gomeza anafika kudzatenga njinga yawo, tambala ali m'khwapa. Anati watumizidwa ndi a Tcheya, ndi wa “dalaivala wathu”, ndipo a Tcheya akuyembekeza kumuonanso mwezi wamawa. Bambo anayang'ana tambalayo nthawi yaitali. Munthu amene a Tcheya amutcha wathu sankachotsedwa ntchito wamba.

“Kasinthe nyaliyo,” anatero. “Ndipo kuyambira lero, ukaona chinthu uzinena.”

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Agogo anandilandira pakhomo akundiyang'ana ngati mlendo.

“Akuti unakalipira a Tcheya pagulu?”

“Ndinangowachenjeza, agogo.”

“Zaka zonsezi ine ndimati ndikulera mtondo!” Anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenako anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. “Usadzabwerezenso.”

Kalata ya kufakitale ija inalembedwa ndithu, chifukwa pambuyo pa za kwa Gomeza palibe akanawakaniza a Fabiano. Ndinalemba ndine pamsonkhano wa akuluakulu, iwo akunena. Inayamba bwino: tamva kuti mwasiya kupanga galimoto za mtundu wa Bongololo, chonde yambiraninso, kuno kumapiri timazifuna. Kenako a Fabiano anawonjezera kuti ulendo uno aikemo sitata yolimba. A Sisitere anati aikemonso mipando yofewa. Wina anati denga lachitsulo, chifukwa tenti inkadontha. Wina anati zitseko zotsekeka popanda chingwe, wina anati malo okwanira bokosi la maliro, wina anati mabuleki ogwira ulendo woyamba. Nditawerenga kalata yonse mokweza, Bambo analoza pawindo.

“Galimoto imene mukupemphayi ili panjapo.”

“Iyo ilibe mtima,” anatero a Fabiano.

Kalatayo inatumizidwa. Yankho silinabwere, ndipo a Fabiano mpaka kumwalira kwawo ankati azunguwo akuganizirabe.

Ndayendetsa magalimoto zaka zambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo madalaivala achinyamata akaona chithunzi cha galimoto zakale zija amandifunsa ngati zikanayenera kubwereranso. Ndimawauza kuti zinali zolimba, ndipo munthu ankatha kuzikonza pansi pa mtengo ndi sipanala ziwiri. Ndimawauzanso kuti msana wanga sukuzifuna. Koma ndikuganiza kuti chimene anthu a kwathu ankalira sichinali chitsulo. Bongololo ankawafuna. Popanda manja awo wansembe sakanafika kwawo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Galimoto yatsopano inkangonyamuka ngati mlendo amene wadya n'kuchoka osatsanzika.

Mwezi wotsatira titabwerera kwa Gomeza, ndinaimika pamalo omwe aja. Ndinaika giya yoyamba, ndinakhotetsa mawilo kuloza kuchitunda, ndinakoka handibuleki, monga ndimachitira mpaka lero. Misa itatha ndinaima pamwala n'kufotokozera mudzi wonse, mokweza, za kiyi ndi chiwongolero, ndi kuti galimoto iyi imadzuka yokha. Anamvetsera bwino. Kenako a Tcheya anafunsa funso limene linali m'maso mwa onse.

“Ndiye kuti Bambo azingopita choncho, osaperekezedwa?”

Ndinayang'ana Bambo, Bambo anayang'ana kumwamba. Ndinalowa m'galimoto, ndinapotokola kiyi mpaka timagetsi titayaka, osafika podzutsa injini. Ndinaongola mawilo, ndinaponda kilatchi, ndinaika giya yachiwiri, ndinamasula handibuleki ndi dzanja langa, n'kutulutsa mutu pawindo.

“Kankhani!”

Anakankha. Pakati pa mtsetse ndinasiya kilatchi, injini inadzuka, amayi anaimba nthungululu. Midzi ina itamva inati nayonso siyotsalira. Galimoto ija inatumikira parishi mpaka inakalamba. Tinasintha matayala, mabuleki, ladiyeta ndi mipando. Poigulitsa, makaniko wa ku boma anaifufuza paliponse, ndipo atafika pa sitata anatulutsa mutu pansi pa boneti n'kundifunsa ngati sitatayo tangoigula kumene.